Timafini ta Mandimu ndi Sefa ya Apongozi

Apongozi anga anafika kwathu ku Kapata ndi chikwama, sefa, lichero ndi nkhuku yamoyo. Sanabwere kudzacheza. Anabwera kudzatenga mwana wawo.

Mwana wawoyo ndi Yosefina, mkazi wanga. Anali ndi pakati koyamba, ndipo mimbayo inamulowa moipa. Chilichonse chimene waika m'kamwa chinkabwerera njira yomweyo. Phala ayi, mpunga ayi, ngakhale tiyi wamkaka amene kale ankamwa ngati akupikisana ndi munthu. Aneba akangoika anyezi pamoto, iye ali kale kuseri kwa nyumba atagwira khoma. Masaya anaphwa, mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Kuchipatala anatiuza kuti mwana ali bwino, koma mayi azidya pang'onopang'ono chilichonse chimene mtima wafuna. Tsono mtimawo ndi umene sunkafuna kanthu.

Nkhani ya matenda imathamanga kuposa njinga. Itangofika ku Chiparamba, a Magalita, amayi ake a Yosefina, anasiya mtedza uli pamphasa n'kukwera galimoto.

Ine ndine Matiyasi Tembo, wowotcherera zitsulo. Mafelemu a mawindo, zitseko, mbaula, zonsezi zimatuluka m'manja mwangamu. Chitsulo sindichiopa, chikakana ndimachiotcha mpaka chivomere. Koma apongozi aakazi ndi nkhani ina. Kwawo kwa Yosefina ulemu wa upongozi akadaugwiritsitsa. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, sadya iwo akuona, ndipo akakumana panjira, mkamwini ndiye amapatukira kutchire. Kumudzi zimatheka chifukwa tchire lilipo. Ife tili ndi zipinda ziwiri ndi kabwalo kongokwanira chingwe choyanikira zovala. Ndikati ndituluke, apongozi ali pakhomo. Ndikati ndibwerere, ndi awa akusesa pabalaza. Tsiku loyamba ndinabisala m'bafa mpaka sopo anaumira pathupi.

Mawu athu ankayenera kudzera kwa Yosefina, koma Yosefina anali chigonere, wosafuna phokoso. Apa ndi pamene nkhuku ija inapezera ntchito. Inabwera kudzakhala msuzi, koma wodwala atangomva za msuzi wa nkhuku anapempha beseni, ndiye inapulumuka. Tinaimangirira kumtengo wa papaya, ndipo mosapangana tinaipatsa unkhoswe. Apongozi akafuna kundiuza kanthu, ankauza nkhuku. Ine ndinkayankha nkhuku yomweyo, nditanjuta chapatali, nkhope ili kukhoma. Nkhukuyo inkangopalasa pansi, yosadziwa kuti yasenza banja lonse.

M'mawa wina apongozi akuimwetsa madzi anakweza mawu pang'ono.

"Iwe nkhuku, uwauze eni nyumba kuti mwana wanga sindinamubale kuti adzaume m'tauni ngati kapenta. Dzuwa la lero likalowa asanadye, mawa tikwera galimoto. Akakhala kumudzi mpaka atachira, mwananso atalimba khosi."

"Nkhuku," ndinatero ine, "uwauze amai kuti namva."

Ndinamvadi. Mpaka mwana atalimba khosi! Ndiye kuti mvula ibwere, ipite, chimanga chikololedwe, ine ndili ndekha m'nyumba muno ndi mafelemu. Ndinkafuna kudzakhalapo mwanayo akamayamba kugunda m'mimba. Ndinkafuna mkazi wanga pafupi, ngakhale wosanzayo. Koma pankhani ya mimba yoyamba mawu a mkamwini salemera, ndipo kunena zoona apongozi sankalakwa. Munthu anali kutha ine ndikuona.

Ndinalowa kuchipinda. Yosefina anagona atayang'ana kukhoma, tsitsi lili nyankhalala.

"Yose, ganiza bwino. Kulibe kalikonse kamene ungayeseko? Olo dothi la pachulu, nizakumba."

Anayankhula osatembenuka.

"Mukumbuka tumakeke tuja twa kwa Shamim? Tung'onotung'ono, twa mandimu, twa tumadontho twakuda. Nalota nikudya."

"Ufuna tumeneto?"

"Kaya. Koma nikaganiza, mtima siunyansidwa."

Sindinadikire kuti mtimawo usinthe maganizo. Ndinatulukira khomo, ndinazungulira apongozi patali ngati ndikuzungulira moto, n'kudumphira panjinga.

Shamim ndi mnzake wa Yosefina kuyambira kusukulu. Banja lawo lili ndi sitolo ya nsalu kumunsi kwa tauni, nyumba ili kuseri kwa sitoloyo. Pa Idi yapitayi anatiitana kwawo, ndipo pakati pa masamusa ndi mpunga wonunkhira panali mbale ya timakeke tongokwana kamodzi m'kamwa, timene iye ankati timafini. Ine ndinadya tambiri osafunsa n'komwe kuti timapangidwa bwanji. Ndani amafunsa njira ya chakudya chili kale pakhosi?

Ndinamupeza akuyezera mayi wina chitenje. Atandiona anasiya lumo lili pakati pa nsalu.

"Alamu! Nkhope yotani iyo? Yose ali bwanji?"

Ndinamufotokozera zonse, za dzuwa, za galimoto, za maloto. Anagwira pamtima, kenaka anaseka, kenaka anagwiranso pamtima.

"Nikanaphika nekha manje manje, koma malaiti kulibe kuchoka dzulo, ndipo uvuni yanga ni ya magetsi. Komanso nili nekha mu shopu, achimwene a Suleman apita ku boda kukatenga katundu. Muzaphika imwe."

"Ine? Ine nimaotcha nsimbi, alamu."

"Ndiye moto muudziwa kale. Dikirani."

Analowa kuseri, n'kubwera ndi thireyi ya timabowo ting'onoting'ono, mandimu a pamtengo wawo, ndi kabotolo. Pansi pa kabotoloko panali tinjere takuda, tochepa kuposa ta bonongwe.

"Utu ni tumbewu twa popi, ise timati khasikhasi. Ni twatsala utu, anabwera nato azakhali kuchoka ku Lusaka. Mu Chipata muno simuzatupeza, olo muzungulire msika wonse. Mukatutaya, mwataya."

Kenaka anandiphunzitsa, ataimika chala ngati mphunzitsi wa kalasi yoyamba.

"Zouma pazokha: ufa, pauda wofufumitsa, kamchere, na tumbewu. Zamadzi pazokha: mazira, majarini wosungunula, mkaka wowawasa, madzi a mandimu. Khungu la ndimu mupale pamwamba chabe; mukafika poyera zizawawa. Mulitikite mu shuga na zala mpaka shuga anunkhire. Ndipo mukasakaniza, alamu, nakupemphani, osavundula monga simenti. Ufa ukangobisala, lekani."

Anandibwerezetsa ngati katekisimu. Mayi amene ankagula chitenje uja nayenso anayamba kundikonza ndikaphonya, moti ndinatuluka m'sitolomo nditakhoza mayeso pamaso pa mboni.

Kunyumba ndinapeza apongozi akuchapa kuseri. Ndinalowa mozemba pakangodya kathu kophikira. Mwamuna kugwira beseni la ufa apongozi alipo n'chinthu chochititsa manyazi, koma manyazi sanali oti angandisungire mkazi. Ndinathira ufa, pauda, mchere, n'kukhuthula kabotolo konse, kukagogoda pansi kuti pasatsale kanjere. Nditasakaniza, ufa unachita mawangamawanga ngati nkhanga. Ndinadziona kuti ndine munthu.

Apa ndi pamene ndinakumbukira mazira. Ndinagula zonse panjira, mazira okha ndinaiwala, ndipo nkhoswe yathu siinkaikira; ntchito yake inali ya mawu okha. Ndinathamangira pakantemba ka pangodya, mazira atha. Pakantemba kachiwiri, mwini wake wapita kumaliro. Mazirawo ndinakawapeza kufupi ndi msika, ndipo ndinabwerera ndikuyenda mwaulemu ngati wanyamula khanda.

Beseni langa ndinalipeza pakhonde, litavundikiridwa bwinobwino ndi nsalu yoyera. Ndinavundukula. Ufa uli mbee, wopanda kadontho ngakhale kamodzi. Pambali pake panali sefa ya apongozi, ija amayenda nayo paliponse ngati chitupa.

Ndinatembenuka. Pansi pa papaya apongozi anali ataima ndi lichero la gaga, ndipo m'gagamo munali tinjere tanga tonse.

"Idya, mnzanga," ankaiuza nkhuku. "Ufa wa m'tauni wadzaza zitosi za anankafumbwe, anthu n'kumagula maso ali kumutu. Ndiye mwana wanga asasanze bwanji? Ndachita kusefa kawiri."

Musawaseke. Kwa munthu amene wasunga chimanga m'nkhokwe moyo wake wonse, kadontho kakuda mu ufa ndi mdani. Anachita zimene mayi aliyense wa ku Chiparamba akanachita, ndipo anazichita mwaluso, osasiyamo ngakhale kamodzi koti ndilirirepo.

Dzanja linalowa m'lichero, linatuluka, gaga woyamba anawazika pansi. Nkhuku inamugwera ngati sinadyepo chibadwire. Dzanja linalowanso.

Mwamwambo ndinayenera kunjuta, kuyang'ana kukhoma, n'kuyamba bwinobwino kuti, "Nkhuku, uwauze amai." Koma nkhoswe yomweyo ndi imene inali kumeza banja langa.

"Amai, lekani!"

Mawu anatuluka aakulu, aja ndimaitanira anthu galainda yodulira zitsulo ikulira. Sindikudziwa kuti bwalo ndinalidumpha bwanji. Ndinangozindikira nditagwira lichero mbali ino, apongozi atagwira mbali inayo, tikuyang'anana maso ndi maso, dzira limodzi litaphwanyika paphazi langa. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Ali ndi kachipsera pachibwano, ndi maso enieni a Yosefina, aja amandiyang'ana nawo ndikabwera mochedwa.

Anasiya lichero pang'onopang'ono. Anapukuta manja pachitenje n'kulowa m'nyumba osanena kanthu, ngakhale kwa nkhuku. Posakhalitsa ndinamva zipi ya chikwama, kenaka chitseko cha kabati ya zovala za Yosefina. Anayamba kulongedza dzuwa lisanapendeke n'komwe.

Ndinakhala pansi, lichero pamiyendo. Ndinatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kutola tinjere kamodzikamodzi, ndikuika m'chivundikiro cha botolo. Zala zanga n'zazikulu, zodzaza zipsera za moto, zozolowera kugwira hamala. Kanjere koti ndikatole kankathawira pansi pa gaga, ndikakapeza kankadumphira kwina. Ndinatola mpaka khosi linawawa, koma pansi pa chivundikiro pankaonekabe. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo poti panalibe wina woti ndimuuze, ndinauza nkhuku.

"Nkhuku iwe, nalakwa, nidziwa. Nakuwa pamaso pa amai monga munthu wosaleredwa. Koma utu si tuzitosi. Ni tumbewu twa mu keke yamene Yose walota. Ni chinthu chimodzi chabe chamene wapempha na kamwa yake kuchokera pamene anayamba kudwala, ndipo kwina kulibe. Ine sinikana kuti apite kumudzi ngati ndiye kuchira kwake. Koma nimukonda, nkhuku. Nyumba ino popanda iye ni shedi ya nsimbi chabe."

Ulendo uno sindinkatuma uthenga. Ndinkangotula. Koma windo lathu la pabalaza ndinaika felemu yokha, galasi ndinali ndisanagule.

Zipi inasiya kulira. Ndinamva mapazi, kenaka chithunzithunzi chinagwera palichero. Ndinayang'ana kukhoma msanga. Dzanja linatsika, linatsina kanjere m'chivundikiro muja, ndipo ndinamva kakuthetheka pakati pa mano.

"Iwe nkhuku," anatero apongozi, mawu atatsika, "safunsa anadya phula. Ine lero ndadya phula, ndi ukulu wangawu." Anakhosomola. "Uwauze eni nyumba abwere nalo licherolo. Ndi kamtengo kawoko, mwana adzabadwa iwo asanamalize."

Ndinalikankhira kwa iwo ndi manja awiri.

Ndakhala ndikuona anthu akupeta kuyambira ndili mwana, koma sindinayambe ndayang'anitsitsa. Tsiku limenelo ndinaba ndi diso la m'mbali. Apongozi anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kugwedeza lichero. Gaga ankadumpha, kutembenuka m'mwamba, kugwera kutsogolo. Tinjere, poti n'tobulungira, tinkagubuduzikira kumbuyo. Akagogoda ndi chala kunsi kwa lichero, gaga wina n'kutayikira pansi, nkhuku n'kumalandira. Kamzere kakuda kanayamba kuoneka m'mphepete, kanakula, kanasanduka kamulu. Anatisefanso kuchotsa fumbi, n'kutikazinga pang'ono m'chiwaya kuti fungo la gaga lichoke. Tinatsala tochepa kuposa tija anandipatsa Shamim, chifukwa nkhoswe inali itadula msonkho wake, koma tinalipo.

Ndinatibwezera mu ufa. Ndinapala mandimu pamwamba pokha monga anandiuzira, n'kutikita khungulo mu shuga mpaka zala zanga, zimene masiku onse zimanunkha chitsulo chopsa, zinanunkhira ngati za munthu wa mu ofesi. Ndinaswa mazira otsala, ndinathira majarini, mkaka wowawasa ndi madzi a mandimu, n'kusakaniza monyengerera. Apongozi anali chapatali, akuoneka ngati akusoka chitenje, koma singano siinkayenda.

"Iwe nkhuku, kodi amuna a m'tauni amatakasa ngati akuopa kudzutsa ufa?"

"Nkhuku, uwauze amai kuti aphunzitsi anati tisavundule."

"Uwauze ndamva. Zachilendo sindizitsutsa kawiri tsiku limodzi."

Uvuni tilibe, ndipo thireyi ya Shamim inakana kulowa mumphika uliwonse wa m'nyumba mwathu. Apa ndinati tsopano ndi mbali yanga. Ndinatenga theka la mgolo limene ndinkafuna kupangira mbaula, ndinathira mchenga pansi pake, ndinalikhazika pamakala, thireyi m'kati, pamwamba lata. Makalawo ndinathira mowolowa manja, n'kuwakupiza mpaka anafiira bwino. Ndi mmene ndimaudziwira moto ine.

Utsi ndi umene unandiuza. Nditavundukula, timafini tinali takuda bii kunsi, pamwamba tikadali phala. Ndinayang'ana m'beseni: zotsala zinali zongokwana thireyi imodzi. Ndinayang'ana kumwamba: dzuwa linali litatsikira kale kumapiri. Ndinafuna kumenya mgolowo ndi hamala.

Apongozi anaika singano pansi. Anabwera, anachotsa mgolo ndi nsanza, n'kuyamba kutola makala oyaka ndi zala zawo zokha, kuwachotsa pansi kuwaika palata, ngati akutola mtedza. Pansi anasiya owerengeka, atawakwirira ndi phulusa.

"Iwe nkhuku, anthu ena amayesa chilichonse ndi chitsulo. Ine zigumu ndayamba kuphika iwo asanabadwe. Moto wapansi uzinong'ona, wapamwamba ndiwo uziyankhula."

Ndinapala thireyi, ndinapaka majarini m'timabowo monse, ndinathira zotsala zija ndi supuni. Tinavundikira. Tinanjuta, iwo mbali iyo ya mgolo, ine mbali ino, aliyense atayang'ana kwake. Ndikati nditukule lata ndisuzumire, ndinkamva kukhosomola, dzanja n'kubwerera lokha.

Kenaka fungo linayamba. Poyamba la shuga, kenaka la mandimu, lopepuka, lolowa m'mphuno mwaulemu. Linadzaza bwalo, linadutsa pawindo lopanda galasi lija, ndipo ine ndinachita mantha, chifukwa fungo ndi limene linkamugwetsa Yosefina. Ndinatchera khutu kudikira kuitana kwa beseni. Kunali zii.

Apongozi anatukula lata. Timafini tinali titatukuka timitu, tofiirira m'mbali, tachikasu pakati, timadontho takuda tili mwaa pamwamba. Anabaya kamodzi ndi kaudzu ka tsache, kanatuluka kouma. Ndinatipaka madzi a mandimu osakaniza ndi shuga tikadali totentha, tinawala. Kunena zoona, zitseko zonse zimene ndapanga m'Kapata muno palibe chimene ndinachinyadira chonchi.

Ndinali ndikufunafuna mbale yoti ndipititsire kuchipinda pamene chitseko chinalira. Yosefina anatuluka yekha, atagwira felemu, chitenje chili m'khwapa, maso atatsinzinira kuwala. Anakhala pakhonde n'kutambasula dzanja.

Anatenga kamodzi, anakanunkhiza nthawi yaitali. Ine maso anali pabeseni, kuyeza kuti ndilifikira bwanji. Analuma theka. Anatafuna, tinjere tikumveka kuthetheka. Anameza. Tonse tinadikira, ine, apongozi, ngakhale nkhuku inaima ndi mwendo umodzi. Palibe chinabwerera. Anaponya theka lotsala m'kamwa n'kutambasulanso dzanja.

"Mwachepetsa mandimu," anatero, m'kamwa muli tho.

Chikwatirire sindinasangalalepo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Munthu wodandaula za mandimu ndi munthu wamoyo. Anadya kachiwiri, kachitatu, kenaka ndinasiya kuwerenga chifukwa maso anadzaza madzi, ndipo utsi woti ndiunamizire unali utatha.

"Kulibe tiyi?" anafunsa.

Apa apongozi anaimba nthungululu imene inadzutsa agalu a mzere wonse. Aneba anasuzumira pampanda kuyesa mwana wabadwa, n'kupeza mayi wamkulu akuvina mozungulira mgolo, mwamuna wandevu akuthamanga ndi ketulo, ndi mkazi woonda akunyambita zala. Tinawalawitsa kamodzi kuti agawane. Mayi wina anakayang'anitsitsa n'kufunsa ngati ufa wake tinausefa, ndipo apongozi anaseka mpaka anakhala pansi.

Dzuwa linalowa Yosefina akumwa tiyi. Ine ndinali chapatali monga mwa masiku onse, ndikupala mchenga mumgolo. Apongozi anatenga kamodzi mwa timafini topserera tija, anakachotsa chapamwamba chosapsa, n'kukanyema pakati.

"A Tembo."

Mwachizolowezi ndinayang'ana nkhuku.

"Musayang'ane nkhuku, ndikunena inu. Bwerani mulandire."

Ndinayandikira, ndinanjuta, ndinatambasula manja awiri. Anandiika theka m'manja.

"Ine ndasefa, inu mwapsereza. Palibe woseka mnzake. Idyani, bambo."

Ndinadya pamaso pa apongozi anga, iwonso akudya pamaso panga. Kanali kowawa, makala okhaokha, ndipo tonse tinatafuna mwaulemu mpaka kanatha. Yosefina ankatiyang'ana pamwamba pa kapu, akumwetulira koyamba chiyambire matendawo.

"Amai," anatero ataika kapu pansi, "mawa ningayeseko msuzi wa nkhuku."

Tonse awiri tinatembenukira kumtengo wa papaya. Nkhuku inali itagona pansi, chithokomiro chili tololo ndi gaga ndi tinjere ta ku Lusaka.

"Nkhoswe saiphika, mwanawe," anatero apongozi. "Amuna ako akagula ina kumsika."

Analowa m'nyumba, ndipo ndinamvanso zipi, kenaka chitseko cha kabati. Ulendo uno zovala zinkabwerera m'malo mwake.

M'mawa ndinawaperekeza kokwerera galimoto, chikwama chili pakaliyala ya njinga, chopepuka. Anakulunga timafini tiwiri m'kansalu, ati akaonetse amayi anzawo a kutchalitchi kuti kunja kuno kuli anankafumbwe odyedwa. Tinayenda njira imodzi, ndipo palibe anapatukira kutchire. Atakhala pampando anatulutsa mutu pawindo n'kundiyang'ana ndi maso aja a Yosefina.

"Mundisungire mwana wanga, bambo. Akasiyanso kudya mundiimbire nokha. Osatuma nkhuku."

Ndinapalasa njinga kubwerera ngati mnyamata, ndikuliza belu popanda chifukwa. Nditakhota pangodya ya kwathu ndinamuona Yosefina ali pakhonde, thireyi ya Shamim ili pambali yotsukatsuka, akupala ndimu.